Zojambula, zosema ndi magule n'zachiyani, poti sizidyedwa?

Mayi wina wa ku Linthipe, m'boma la Dedza, wandilembera motere: "Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 3. Akaweruka kusukulu amangokhalira kujambula m'makope ndi kusema timitengo kuseri kwa nyumba. Bambo ake akuti zimenezi n'zachibwana, sizidyedwa, ndipo tsiku lina adamulanda kasemasema. Ine mtima ukundiwawa, koma ndikusowa chowayankha. Kodi zojambula, zosema, nyimbo ndi magule zili ndi ntchito yanji kwenikweni pamoyo wa munthu?"

Mayi, zikomo pofunsa. Bambo a mwanayo musawaone ngati ouma mtima. Munthu amene amasaka fizi ndi ndalama ya fetereza chaka ndi chaka sangalephere kuda nkhawa akaona mwana akutha makope ndi zithunzi. Za ndalamazo ndifikako, ndipo sindikubisirani kanthu. Koma mawu akuti "sizidyedwa" ndikufuna tiwaunike kaye, chifukwa ndakhala zaka zambiri pakati pa osema, oumba ndi oimba ng'oma, ndipo sindidaonepo mudzi umene anthu ake amakhalira kudya kokha.

Tiyambire m'khitchini mwanu momwemo. Ngati muli ndi mtsuko wa madzi akumwa, tauyang'anani pakhosi. Woumba uja atakumba mtapo, n'kuuponda, n'kuumba, n'kukulungiza ndi nkhulungo, ntchito ya mtsuko inali itatha. Komabe adatola kamtengo n'kuyamba kutema timizere mozungulira, tina topingasa, tina tokhotakhota, asanakauotche. Timizere timeneto sitiwonjezera madzi mumtsuko, sitiwaziziritsanso. Nanga mukapeza mitsuko iwiri pamsika, mtengo umodzi, wina wosalala bii, wina wotemedwa bwino, mumasenza uti? Chimodzimodzi lichero lolukidwa ndi nsungwi zamitundu iwiri, kapena khoma limene amayi alizira ndi dothi lofiira m'munsi, loyera m'mwamba. Munthu akapanga chinthu ndi manja ake amafuna chioneke kuti chadutsa m'manja mwa munthu. Ndalankhulapo ndi agogo oumba mbiya amene amatha kuloza mphika wawo pakati pa miphika makumi angapo, chifukwa cha katemedwe kokha.

Inu muli ndi mwayi, chifukwa yankho lalikulu la funso lanu lili pafupi ndi kwanu. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 amene anthu akale adajambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Atatu odziwika kwambiri kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mukafika pansi pa thanthwe mudzaona zojambula zamitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri: timagudumu, timizere tondondozana, madontho. Adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu adawapeza kuno. Zoyera, zopaka ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, n'za Achewa olima, ndipo zina zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu.

Taganizani za munthu wa nthawi imeneyo. Analibe chigayo, analibe mjigo, munda ankalima ndi khasu losula yekha, usiku kunja kuli afisi ndi akambuku. Ngati pali munthu amene akadanena kuti "ndilibe nthawi ya zachibwana", ndi iyeyo. Koma adakwera phiri, atanyamula dothi, n'kukajambula. Adatero chifukwa zojambulazo zinali ndi ntchito. Zambiri mwa zoyerazo, zooneka ngati buluzi kapena chikopa cha nyama choyanika, akatswiri ofukula zakale adapeza kuti zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Anamkungwi ankaphunzitsira pamenepo. Za kutsimba sindingaziyale pano, inunso mukudziwa chifukwa chake, koma njira yophunzitsirayo si yachinsinsi: mwambo uliwonse unkakhala ndi chithunzi chake kapena choumba chake, nyimbo yake, ndi kavinidwe kake. Namwali akaiwala mawu, nyimbo imamukumbutsa. Akaiwala nyimbo, chithunzi chija chimabwera m'maso. Kunalibe kope kapena bolodi, koma maphunzirowo adayenda kuchoka kwa agogo kufika kwa zidzukulu kwa zaka mazanamazana osatayika. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 amadziwa zomwezi: ana amagwira msanga a, e, i, o, u mukawaimbitsa kusiyana n'kungowauza.

Tsono tibwere pabwalo. Gule wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, amatuluka pamaliro, pachiliza, polonga ufumu ndi pachinamwali. Kaya inu mumapemphera mpingo uti, kaya mumapita kukaonerera kapena ayi, ndikupempha muyang'ane kamangidwe kake. Chilombo chilichonse chili ndi nkhope yake, kavinidwe kake, nyimbo imene amayi amavomera, ndi chimene chikuuza mudzi. Chadzunda amalowa ngati nkhalamba yotheratu, nkhope yakuda yamakwinya, akutsimphina, koma mbalule ikalira mphamvu zimabwerera. Maliya, amene adabwera m'gule amishoni atafika, amavina modekha, mwaulemu. Simoni nkhope yake ndi yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo anthu akamamuseka amakhala akuseka makhalidwe achilendo amene ena mwa iwo eni ayamba kutengera. Zilombo zina zimaonetsa kuledzera, chiwerewere, umbombo, ulesi, mokokomeza mpaka bwalo lonse kufa ndi phwete. Munthu wa khalidwe limenelo ali pomwepo m'chigulu, akuseka nawo, koma mumtima akudziwa amene akunenedwa. Palibe wamutchula dzina, palibe wamutengera kwa mfumu, koma wamva. Pamudzi pamene anthu ake ndi abale okhaokha, oti mawa adzakumana pachitsime ndi kudimba, kudzudzulana maso ndi maso kumaswa mbumba. Gule amanena zimene m'bale sanganene kwa m'bale wake.

Sindikuti zonse zochitika m'dzina la gule n'zabwino. Kumenya anthu m'njira ndi kuthamangitsa ana a sukulu kulipo, ndipo mafumu ambiri akhala akudzudzula zimenezi poyera. Chinthu champhamvu chikagwera m'manja mwa osalangizidwa chimapweteka.

Pali china chokhudza gule chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna bambo a mwanayo achimve. Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chija chooneka ngati nyama yanyanga, ntchito yake ndi kuperekeza mzimu wa womwalira kuti ukafike kwa makolo, usatsale ukuzungulira pamudzi. Kukonzekera kwake kumadya masiku ambiri ndi luso losaneneka. Koma m'madera ambiri mwambo ukatha sichisungidwa, chimatenthedwa. Zoumba za pachinamwali nazonso zimaphwanyidwa ntchito ikatha. Mlendo amamva chisoni kuti chinthu chokongola chotere chawonongeka. Eni ake sadandaula, chifukwa sadachipangire kuti chikhale pashelefu. Adachipangira ntchito, ndipo ntchitoyo yagwirika. Komabe onani kuti sadachipange mwamgwazo ponena kuti chikapsa mawa. Chikadakhala chosalongosoka sichikadagwira mtima wa ofedwa, ndipo maliro akadaoneka ngati atayidwa. Kukongolako ndiko kumachititsa kuti ntchito itheke.

Ntchito yonena zosaneneka ija amayi ankaigwira pamtondo. Mayi akazunzika ndi mwamuna woledzera, kapena apongozi olongolola, kapena mkazi mnzake wa pamitala, sankayitanitsa msonkhano. Ankadikira nthawi yosinja. Munsi ukamagunda, iye n'kuyamba nyimbo, mnzake wosinja naye n'kuvomera, mawu akumveka mpaka kumphala kumene abambo akhala. Ndani angamuimbe mlandu munthu chifukwa choimba posinja? Koma uthenga wafika, ndipo nthawi zina ankhoswe ankayamba kuyenda nyimboyo isanathe sabata. Chigayo chidatipeputsira ntchito, ndipo palibe mayi angafune kubwerera kokonola mitondo itatu patsiku, koma ndimadzifunsa kuti madandaulo aja masiku ano akutulukira pati. Ena akuthera pa WhatsApp ndi pa Facebook, pamene mawu amatuluka osaphika, opanda nyimbo yowafewetsa, ndipo mabanja akutha nazo.

Olamulira amadziwa bwino kuti luso lili ndi mano. Mu 1968 boma la Dr Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo zisanafike kwa anthu. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, adamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, mpaka 1991. Analibe mfuti, analibe chipani. Anali ndi ndakatulo. Zikadakhala zachibwana, boma lathunthu silikadavutika nazo. Nthawi yomweyo boma lomwelo linkasonkhanitsa amayi a mbumba m'mabwalo a masewero kuti avine ndi kuimba zotamanda mtsogoleri, atavala nsalu ya nkhope yake. Apa pali chenjezo: ng'oma yomwe imadzudzula ndi yomwenso imagonetsa anthu tulo. Mwana wanu akadzakula m'luso adzakumana ndi ofuna kumugula kuti ajambule kapena aimbe zowakomera, makamaka nyengo ya kampeni, ndipo mudzafunika kumulangiza pamenepo.

Nanga pamaliro? Mudagonapo pasiwa, mukudziwa. Pakati pausiku mawu opepesa atha, aliyense wanena kale kuti "pepani, n'chifuniro cha Mulungu", ndipo namfedwa wangoti duu. Ndiye mayi mmodzi kuseri amayambitsa nyimbo motsitsa, ena n'kulandira, abambo panja pamoto n'kuthira besi. Misozi imene inakanika masana imatsika, ndipo kukamacha anthu apeza mphamvu zonyamulira bokosi. Tayesani kuganiza za maliro opanda nyimbo ngakhale imodzi. Ife sitingathe n'komwe kuwatcha maliro.

Kwa Atumbuka a ku Rumphi ndi ku Mzimba nkhaniyi idafika pokhala mankhwala enieni. Vimbuza amavinidwa pochiza munthu wovutika mumtima ndi m'maganizo, nthawi zambiri amayi. Wodwalayo amalowa pakati, ng'oma zikulira, abale ndi anansi atamuzungulira akuomba m'manja ndi kuimba, iye n'kuvina mavuto ake pamaso pa onse, ndipo zimene anganene ali m'kati mwa gule palibe amamuimba nazo mlandu. Vimbuza naye adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Sindikunena kuti ng'oma ingachize malungo kapena chifuwa chachikulu, zimenezo n'zakuchipatala. Koma munthu amene wakhala miyezi akudya mutu yekha, kuona mudzi wonse wasiya tulo chifukwa cha iye, chimenecho chimachiza china chake. Ngakhale kundende luso limalowa: nyimbo zimene akaidi a kundende ya Zomba adajambulitsa zidafika pampikisano wa mphoto za Grammy ku America mu 2016. Anthu olandidwa chilichonse adatsala ndi mawu awo.

Palinso ntchito yomeza zinthu zoopsa kuti zisanduke zathu. Makolo athu ambiri adatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu ya 1914 mpaka 1918, ena ngati asilikali, ena ngati amtengatenga. Zimene adaona kumeneko, perete, mayunifolomu, bandi ya asilikali, zidabwerera kumudzi ngati magule: beni kwa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, malipenga ku Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma. Anyamata ovala zoyera mbee, masokosi ofika m'maondo, akuliza malipenga a zikho, wina ali ndi udindo wa mfumu, wina kaputeni, wina dokotala. Chimene chidabwera ndi mantha chidasanduka chonyadira cha mudzi.

Ngati kwanu nkhawa ina ndi yachipembedzo, kuti zosema n'zamafano, pitani ku Mua, m'boma lanu lomwelo, kumunsi kwa phiri kufupi ndi Mtakataka. Mishoni ya Katolika kumeneko idayamba mu 1902. Mu 1976 wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene Achewa adamupatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni. Osema ophunzira pamenepo asema mitanda, zitseko ndi maguwa a m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja, Yesu ndi amayi ake ali ndi nkhope ngati zathu. M'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare pomwepo muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400. Ndidaonapo gogo wina ataima nthawi yaitali patsogolo pa chosema cha Mariya wobereka mwana kumbuyo ndi nsalu. Sadalankhule kanthu. Adangogwada.

Tsopano za ndalama. Luso limadyetsa, koma si onse, ndipo si mofanana. Osema ziboliboli ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay amadalira alendo, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka maulendo mu 2020 ambiri adagona ndi njala. Mitengo yabwino kusema monga phingo ndi mlombwa ikusowa, ndipo wogula akadziwa kuti wosema alibe ndiwo kunyumba amatsitsa mtengo mopanda chisoni. Choipa china n'chakuti msika wotere umachititsa munthu kusema njovu yomweyomweyo chaka chonse mpaka luso kuuma. Mwana wanu ndisakunamizeni kuti akangogwira sompho walemera.

Koma tayang'anani pa Linthipe pomwepo. Adalemba dzina pagolosale ndani? Adajambula mitu ya mameto pakhoma la ometa tsitsi ndani? Zithunzi za m'mabuku a ana a pulayimale, zikwangwani za achipatala zophunzitsa za kolera, maluwa a pansalu imene mwavala, malaya osindikiza a kwaya, zolemba pachiliza, nakisi wa pabedi ndi pakabati, zonsezi pali dzanja la munthu amene ali mwana ankatha makope. Masiku ano wodziwa kujambula akaphunzira kompyuta amapeza ntchito m'makampani osindikiza ndi otsatsa malonda. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zojambula, nyimbo ndi zisudzo mpaka digiri, koma kuti akafikeko afunika MSCE yabwino. Apa ndiye pamene inu ndi bambo ake mungagwirizane: sukulu isafe, luso lisafenso. Ndipo diso lozolowera kuyang'anitsitsa chinthu mpaka kuchijambula molondola limathandiza pa sayansi, pa ukalipentala, pa zomangamanga, ngakhale pa udokotala.

Malangizo anga ndi awa. Pezani nthawi yabwino, bambo atadya, muwapemphe mwaulemu abweze kasemasema uja, pamgwirizano woti mwana ayambe wamaliza za kusukulu ndi za kumunda. Mugulireni kope lakelake lojambulamo kuti asiye kung'amba la masamu. Kenaka muyeseni, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo si mwana aliyense wojambula amene ali ndi luso lokhalitsa. Muone ngati amamaliza chimene wayamba. Muone ngati chikalakwika amachibwereza kapena amangochitaya n'kupita kumpira. Muone ngati amajambula zimene akuona ndi maso ake, mbuzi ya pakhomo, dzanja la mlongo wake, kapena amangokopera zithunzi za pafoni. Wokopera yekhayekha sapita patali. Ngati pafupi pali mmisiri wosema mitondo, zipande kapena mipando, mupempheni kuti mwana azikakhala naye Loweruka. Akaphunzira kunola chitsulo, kusankha mtengo wouma bwino kuti usang'aluke, ndi kusema motsata mitsempha ya mtengo, zinthu zimene buku silingamuphunzitse. Tchuthi chikafika mutengeni, pamodzi ndi bambo ake ngati angalole, mukaone Chentcherere. Si patali. Mukamuuze kuti asakhudze kapena kulemba pathanthwepo, chifukwa zojambula zina zawonongeka kale ndi makala a ana olemba mayina awo.

Ine agogo anga aakazi adamwalira tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Nkhope yawo m'maso mwanga ikuzilala chaka ndi chaka, ndipo ana anga sadzaidziwa. Chimene ndidatsala nacho ndi kamphika ka ndiwo kamene adaumba, kothyoka pamlomo, kali ndi timizere titatu tokhota ndi chidindo cha chala chawo chachikulu m'kati. Ndikaika chala changa pamenepo chimakwana. Ngati agogo a mwana wanu akadali moyo, muuzeni awakhazike pamkeka Lamlungu masana, awajambule bwinobwino, makwinya onse ndi mphini zonse, ndipo pepalalo mulisunge m'sutikesi momwe mumasunga makadi a kusikelo ndi masatifiketi.